Mphukira ndi utsi pa mapulazi a ku Mashonaland

Kumapeto kwa mwezi wa Ogasiti, mvula ikadali kutali, mapiri a ku Mazowe amachita chinthu chodabwitsa mlendo. Udzu umakhala utauma gwa, fumbi lili koboo pa msewu, koma mitengo ya msasa, yomwe ndi ya banja limodzi ndi mombo wa ku Malawi, imatulutsa masamba atsopano ofiira psuu, ena otuwira ngati uchi, ndipo pakapita milungu yowerengeka phiri lonse limabiriwira popanda dontho la mvula. Nyengo ya mphukira imeneyi Ashona amaitcha pfumvudza. Ndondomeko yaikulu imene boma la Zimbabwe likudalira pothandiza alimi ang'onoang'ono kupirira kusintha kwa nyengo imadziwika ndi dzina lomweli. Koma woyenda m'dera lino sachedwa kuona kuti mitengo imene inabwereketsa dzinalo ikutha, ndipo yambiri ikuthera m'ng'anjo za fodya.

Msewu wochoka ku Harare kulowera kumpoto umatsetsereka pakati pa mapiri utayenda makilomita pafupifupi 40, n'kudutsa m'mbali mwa damu la Mazowe, lomwe kampani ya British South Africa Company inamanga cha m'ma 1920 kuti izithirira minda ya malalanje. Kuchokera pamenepo chigwa chimatseguka. Dothi ndi lakatondo, lofiira ndi lolemera, ndipo m'zaka zabwino mvula imagwa mamilimita pakati pa 750 ndi 1,000. Akatswiri a zaulimi anaika dera lino m'chigawo chachiwiri pa zigawo zisanu za nyengo za dzikolo, ndiye kuti ndi nkhokwe ya Zimbabwe. Glendale, Concession, Bindura, Mvurwi ndi Centenary, komanso Banket, Trelawney ndi Karoi chakumadzulo, ndi matauni amene anakula chifukwa cha chimanga, tirigu, soya ndi fodya.

Mapulazi akale akadaonekabe. Pali mizere ya bulugamu yolondolera ku nyumba ya mwini pulazi, pali mabalani aatali a njerwa, ena akugwirabe ntchito pomwe ena malata anasasuka kalekale. Pakati pa zimenezi pamera midzi yatsopano ya anthu amene analandira malo kuyambira chaka cha 2000, pamene boma linayamba kulanda mapulazi a azungu oposa 4,000 n'kuwagawa. Mabanja oposa 140,000 analandira minda ing'onoing'ono yotchedwa A1, ndipo ena ocheperapo analandira minda ikuluikulu ya A2. Pafupi ndi nyumba zambiri za alimi atsopanowa paima kabalani ka njerwa zootcha, ndipo pambali pake pali mulu wa nkhuni.

Anthu a pa komboni

Amene waima pa msika wa ku Glendale kapena ku Mvurwi n'kutchera khutu amva Chishona, koma mwa apo ndi apo amvanso nkhalamba ikupereka moni wa Chinyanja, kapena mayi akuitana mwana wa dzina la Phiri, Banda kapena Mwale. Awa ndi ana ndi zidzukulu za anthu amene anachoka ku Nyasaland, ku Northern Rhodesia ndi ku Tete kudzagwira ntchito m'mapulazi ndi m'migodi ya Southern Rhodesia. Ena anabwera wapansi, kuoloka Zambezi pa bwato. Ena anakwera magalimoto a Ulere, omwe boma la atsamunda linkanyamulira antchito mosalipitsa, ndipo ena analembedwa ndi Mthandizi, bungwe lolemba antchito lomwe linakhazikitsidwa mu 1946. Kumudzi ankawatcha machona. Kuno anawatcha Mabhurandaya, kutanthauza a ku Blantyre, ngakhale ambiri mwa iwo Blantyre sanamuonepo.

Anthu amenewa ndi amene anazula zitsa, kukumba madamu, kubzala bulugamu ndi kuchezera usiku pa ng'anjo za fodya kwa mibadwo itatu. Pa komboni anamanga mizikiti ndi matchalitchi, anayambitsa magulu othandizana pa maliro, ndipo Gule Wamkulu, yemwe Ashona amamutcha Zvigure, akuvinidwabe mpaka lero. Pofika chaka cha 2000 m'mapulazi munali antchito oposa 300,000, ndipo gawo lalikulu ndithu linali la anthu ochokera m'maiko oyandikana nawo. Malo atayamba kugawidwa, amene analandirako munda anali ochepa zedi. Mu 2001 lamulo la unzika linasinthidwa, ndipo aliyense amene kholo lake linabadwira kunja anayenera kukana unzika wa dziko linalo, dziko limene ambiri sanapondemo phazi. Amene sanatero anasanduka alendo m'dziko lobadwira. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira mu Zimbabwe amene kholo lawo ndi la m'maiko a SADC, koma kupeza chitupa popanda kalata ya kubadwa ya makolo ndi nkhondo ina. Lipoti la Amnesty International la 2021 linatchula anthu pafupifupi 300,000 omwe ali pachiopsezo chokhala opanda dziko, ndipo ambiri mwa iwo ndi a mbumba yomweyi.

Wina angafunse kuti zitupa ndi makomboni zikukhudzana bwanji ndi nyengo. Yankho lili m'njira zimene dziko lasankha pothana ndi vutoli. Pafupifupi zonse zimayambira pa munda: kukumba maenje, kuphimbira nthaka, kubzala mitengo. Wopanda munda alibe poyambira.

Maenje a ku Hinton

Ulimi wa pfumvudza unabadwira m'dera lomwe lino. Kumpoto kwa Bindura kuli pulazi yotchedwa Hinton Estate, komwe a Brian Oldreive anayamba kuyang'anira ntchito mu 1982. Iwo anali mlimi wa fodya amene anasiya mbewuyo chifukwa cha chikhulupiriro chawo, ndipo anapeza pulaziyo ikulowa pansi: nthaka inkakokoloka chaka ndi chaka, mafuta a mathirakitala ankadya phindu lonse, zokolola zinkatsika. Ataona kuti m'nkhalango palibe amene amagalauza nthaka, komanso kuti pansi pamakhala pofunditsidwa ndi masamba, anayesa kubzala chimanga osalima, mapesi osawaotcha. Anayamba ndi mahekitala awiri okha. Patapita zaka zochepa pulazi yonse inkalimidwa motero. Manja amene anagwira ntchitoyo anali a antchito a pa komboni, monga zinalili m'pulazi ina iliyonse. Pulaziyo inapita pa nthawi yolanda malo, koma njirayo inatsala, ndipo bungwe la Foundations for Farming linapitiriza kuiphunzitsa kwa alimi a khasu.

Kamunda ka pfumvudza ndi kakang'ono moti mlimi wa ku Dedza kapena ku Chipata angakaseke. M'litali ndi mamita 39, m'lifupi mamita 16, ndiye kuti gawo limodzi mwa magawo 16 a hekitala. Muli mizere 52, mzere uliwonse maenje 28, ndipo phando lililonse limasiyidwa ndi mapesi awiri. Masamu ake ndi a m'khitchini: mzere umodzi upereke zisononkho 56, zomwe zikadzaza ndowa ya malita 20, ufa wokwanira banja sabata imodzi. Mizere 52 ndi masabata 52 a chaka. Maenje amakumbidwa m'chilimwe, n'kuthiramo laimu, manyowa kapena feteleza, ndipo munda wonse umafunditsidwa ndi udzu kapena mapesi. Dzenje limasunga madzi a mvula yoyamba pamene pali mbewu, chophimbira chimatchinga dzuwa, ndipo chimanga chimatha kupirira ng'amba ya milungu iwiri kapena itatu pomwe cha pa munda wogalauza chayamba kale kupota masamba. Alimi a ku Malawi amene anaphunzira ulimi wa mtayakhasu kapena wa mleranthaka sangaone chachilendo.

Boma linatenga njirayi kukhala ndondomeko ya dziko lonse m'nyengo ya 2020 mpaka 2021, pansi pa dzina la Pfumvudza m'Chishona ndi Intwasa m'Chindebele. Mlimi amene wakonza maenje ake, mlangizi n'kudzaona, amalandira mbewu ndi feteleza kuchokera ku boma. Chaka choyambacho dziko linakolola chimanga matani pafupifupi 2.7 miliyoni, malinga ndi chiwerengero cha boma, ndipo akuluakulu anaombera m'manja maenje. Chilungamo chake n'chakuti chaka chimenecho mvula inagwanso bwino kwambiri, choncho n'kovuta kulekanitsa ntchito ya dzenje ndi ntchito ya mtambo.

Mayeso enieni anabwera m'nyengo ya 2023 mpaka 2024, pamene El Niño anaumitsa chigawo chonse cha kumwera kwa Africa. Mwezi wa Febuluwale, nthawi imene chimanga chimamasula ngaiyaye, kumwamba kunali mbee. Zambia inalengeza za tsoka la chilala pa 29 Febuluwale, Malawi pa 23 Malichi m'maboma 23 mwa 28, ndipo pa 3 Epulo 2024 Pulezidenti Emmerson Mnangagwa analengeza zomwezo ku Zimbabwe, napempha thandizo loposa madola 2 biliyoni a ku America. Chimanga cha chaka chimenecho sichinafike ndi matani 1 miliyoni omwe. Dzenje limasunga madzi amene agwa. Kumene sanagwe n'komwe, nalonso linauma.

Alimi ali ndi madandaulo awo. Kukumba maenje 1,456 pa katondo wouma mu Seputembala si masewera, ndipo kale lomwe anthu anapatsa ulimi wotere maina awiri otsutsana: alangizi amati dhiga udye, kumba udye, pomwe alimi otopa amati dhiga ufe, kumba ufe. Chophimbira nachonso n'chosowa. Mapesi omwewo ng'ombe zikuwafuna, ndipo udzu umapsa ndi moto wolusa umene umayendayenda m'mapulazi akale kuyambira Ogasiti mpaka Okutobala. Kale pulazi iliyonse inkalambula njira zotchinga moto ndi thirakitala. Lero pulazi imodzi ili ndi eni makumi angapo, ndipo moto ukabuka mlandu umagwera osaka mbewa, ngati kuti mbewa zinayamba kudyedwa chaka cha 2000.

Pa nkhani yokumbayi m'pamene anthu a pa komboni amalowera. Mlimi amene ali ndi kangachepe amalemba aganyu, ndipo aganyu odziwa kuyeza chingwe, kuthira laimu ndi kupatulira mbewu ndi omwe aja anakulira m'pulazi. Amakumba maenje a eni minda, kulandira ndalama kapena ndowa ya chimanga, n'kubwerera ku nyumba imene angathe kutulutsidwamo tsiku lililonse akakana ganyu ya mwini malo watsopano. Ena amabwereka kachigawo m'mphepete mwa munda kapena m'dambo. Koma kuphimbira nthaka ndi ntchito imene phindu lake limachuluka m'chaka chachitatu ndi chachinayi, ndipo palibe amene amanenepetsa munda umene mwini wake angaufune mawa. Ambiri mwa anyamata anasiya khasu n'kupita kukakumba golide m'mphepete mwa mtsinje wa Mazowe, umene madzi ake tsopano amayenda ofiira ndi matope.

Ng'anjo za ku Mvurwi

Kuchoka ku Concession kulowera ku Mvurwi, makilomita pafupifupi 100 kuchokera ku Harare, dothi limasintha n'kukhala lamchenga, miyala ikuluikulu ya nsangalabwi itasanjikizana pamwamba pa zitunda. Lino ndi dziko la fodya. Fodya wa kuno si bale wouma ndi mphepo m'chigafa ngati wa ku Dowa kapena ku Mchinji. Ndi fodya wa Virginia, woumitsa ndi kutentha m'balani, ndipo ng'anjo imayaka usana ndi usiku pafupifupi sabata yathunthu pa ulendo umodzi. Wosonkhezera moto sagona. Akalola kutentha kukwera msanga tsamba limauma lili lobiriwira, akachedwa limada, ndipo mtengo wake ku msika umagwa. Luso limeneli ndi limodzi mwa chuma chochepa chimene akuluakulu a pa komboni anatsala nacho, ndipo alimi atsopano ambiri anaphunzira kwa iwo.

Mu 2000 Zimbabwe inagulitsa fodya makilogalamu pafupifupi 237 miliyoni, wambiri wochokera m'mapulazi akuluakulu amene ankagwiritsa ntchito malasha a ku Hwange kapena bulugamu wodzibzalira. Pofika 2008 fodya anatsika kufika pa makilogalamu osakwana 50 miliyoni. Kenaka makampani, kuphatikizapo Tian Ze ya ku China, anayamba kukongoza alimi ang'onoang'ono mbewu, feteleza ndi mankhwala pa mgwirizano woti adzawagulitse fodyayo, ndipo ulimiwo unadzukanso. Mu 2023 anagulitsa makilogalamu 296 miliyoni, ndipo mu 2025 anapitirira 350 miliyoni, zomwe sizinachitikepo m'mbiri ya dzikolo. Alimi ake ndi oposa 100,000. Ndalama ya fodya yamanga nyumba za malata, yagula njinga zamoto ndi magetsi a dzuwa, yaphunzitsa ana, ndipo amene anadziwa Mvurwi kapena Karoi zaka 20 zapitazo sangakane kuti mataunio akula.

Koma mlimi wa hekitala imodzi alibe ndalama yogulira malasha ochokera ku Hwange, mtunda wa makilomita mazanamazana, ndipo ng'anjo ya malasha imafuna chopemerera cha magetsi chimene iye alibe. Chimene ali nacho ndi nkhwangwa, ngolo ndi phiri. Msasa ndi munhondo, womwe ndi m'bale wake wa mtondo, umayaka mochedwa ndi kutentha kwambiri, ndipo suli ndi mtengo. Bungwe la Forestry Commission limati dziko limataya nkhalango mahekitala pafupifupi 262,000 pa chaka, ndipo gawo la pakati pa 15 ndi 20 pa 100 lililonse limapita ku fodya. Wa ku Kasungu amene anaona zimene maesiteti a fodya wa m'balani anachita ku nkhalango za kwawo m'zaka za m'ma 1970 ndi 1980 akudziwa kale mathero a nkhaniyi. Mitengo ikachoka pa chitunda, madzi a mvula amathamanga osalowa pansi, mchenga umadzaza madamu a m'mapulazi, ndipo dambo limene linkasunga chinyontho mpaka Okutobala limauma mu Julayi. Mvula ikamabwera mochedwa ndi mwaukali, monga ikuchitira masiku ano, chitunda chopanda mitengo chimakulitsa chilala chimene dzenje la pfumvudza likulimbana nacho kumunsi.

Boma silinakhale chete. Lamulo la 2012 limalamula mlimi wa fodya kukhala ndi munda wake wa mitengo. Mu 2013 makampani ogula fodya anakhazikitsa Sustainable Afforestation Association, bungwe lomwe labzala bulugamu mahekitala zikwi zambiri pa mapulazi amene limagwirizana ndi eni ake. Mu 2015 boma linaika msonkho wobwezeretsa nkhalango, kudula 1.5 pa 100 iliyonse ya ndalama za mlimi pa msika, ndipo pambuyo pake unatsitsidwa kufika pa 0.75. Kwa zaka zingapo mabungwe a alimi ankafunsa kumene ndalamayo ikupita, popeza mbande sankaziona. Akatswiri a ku Kutsaga, malo ofufuzira za fodya kufupi ndi Harare, akhala akulimbikitsa mabalani a mtundu wa rocket, amene amadya nkhuni pafupifupi theka la zimene balani wamba amadya, ndipo amayaka ndi nthambi zing'onozing'ono m'malo mwa zipika.

Zonsezi n'zanzeru, koma zimagunda pa khoma lomwe lija. Bulugamu amatenga zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri kuti afike podulidwa. Mlimi wa A1 wakhala zaka zoposa 20 ndi kalata ya boma yomulola kukhala pa malo, kalata imene boma lomwelo lingathe kuichotsa, ndipo lonjezo lopereka zikalata za umwini linalengezedwa mu Okutobala 2024. Ngongole ya kampani imafuna kubwezedwa chaka chomwecho. Akuluakulu anati fodya ndi uyu ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Ngati mwini kalata akuzengereza kubzala, nanga wobwereka munda, amene dzina lake silili m'buku lililonse? Kubzala mtengo pa malo a mwini kumaoneka ngati kudzitengera malo, ndipo kungathe kumuthamangitsa msanga kuposa kudula mtengo.

Pa mapepala, Zimbabwe ili ndi zonse zofunika. Ili ndi ndondomeko ya dziko ya zanyengo ya 2017, ndipo mu 2021 inalonjeza ku United Nations kuti pofika 2030 idzachepetsa mpweya woipa ndi 40 pa 100 pa munthu aliyense, poyerekeza ndi mmene zikanakhalira popanda kuchitapo kanthu, ngati maiko olemera athandiza ndi ndalama. Chaka chomwecho cha 2021 nduna zinavomereza dongosolo lokweza fodya kufika pa makilogalamu 300 miliyoni pofika 2025. Lonjezo lachiwirili lakwaniritsidwa ndi kupitirira. Nkhani ya magetsi ikuyenda chimodzimodzi: madzi atachepa m'nyanja ya Kariba, moti mu Novembala 2022 bungwe la Zambezi River Authority linalamula kuti mbali ya Zimbabwe iyambe yaima kupanga magetsi, chipulumutso chinachokera ku makina awiri atsopano a malasha ku Hwange, amene anayamba kugwira ntchito mu 2023. N'kosavuta kunena kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Koma dziko limene lili ndi ngongole zakunja zosabwezeka, limene mpweya wake ndi kadontho poyerekeza ndi wa maiko amene amasuta fodya wakeyo, silingataye mbewu yobweretsa ndalama zakunja zoposa madola 1 biliyoni pa chaka chifukwa chakuti alendo alilangiza. Funso loyenera kulifunsa boma ndi laling'ono kuposa pamenepo, ndipo lili m'manja mwake: ndani ali ndi chilolezo chodikira mtengo kuti ukule?

Mu 2020 boma linasainirana ndi eni mapulazi akale pangano lowalipira madola 3.5 biliyoni chifukwa cha nyumba, madamu ndi zina zimene anasiya. Amene anaumba njerwa za nyumbazo ndi kukumba madamuwo sanatchulidwe m'panganolo. Ena mwa iwo anasonkhana m'malo ngati Lydiate, kufupi ndi Norton ku Mashonaland West, mudzi wothithikana wa anthu ochokera ku Malawi wozunguliridwa ndi minda ya eni, kumene munda umapezeka mwa kubwereka, kuchita lendi kapena kugwirizana ndi wa chipani. Kamunda ka mamita 39 ndi 16 kanapangidwira anthu ngati amenewa, osowa ng'ombe, osowa pulawo, odziwa khasu. Kuti banja limodzi likhale nako mokhazikika pafunika malo ochepa kuposa bwalo la mpira kakhumi. Pulazi imodzi ya A2 yongogonera, ndipo zilipo zambiri m'mbali mwa msewu wa ku Bindura, ingakwanire komboni yonse n'kutsalako malo a mitengo.

Loweruka loyamba la Disembala chaka chilichonse, kuyambira 1980, Zimbabwe imachita tsiku lobzala mitengo. Akuluakulu a boma amafika ndi makasu atsopano, ana asukulu amaimba, mbande zimathiriridwa. Nthawi imeneyo masamba a msasa amakhala atakhwima, maenje a pfumvudza atamera, ndipo fodya wothirira wayamba kale kuthyoledwa. Mbande ya bulugamu yobzalidwa mu Disembala 2025, ikapulumuka ku chiswe, mbuzi ndi moto, idzafika pa ng'anjo cha m'ma 2032. Mabalani a alimi odalira mvula amayatsidwa mu Januwale, ndipo ngolo zimayamba kukwera phiri Khirisimasi isanafike.